Phewa la mlimi nalo ndi chipangizo cha ulimi

Pamisonkhano yathu ya m'makalabu timakambirana za mtengo wa feteleza, za mbewu yabwino ya mbatatesi, za ngongole ndi za msewu. Zonsezi ndi zofunika. Koma pali chipangizo chimodzi chomwe sichilembedwa pa ndondomeko ya zokambirana, chonsecho ndi chomwe chimagwira khasu, kubereka sipuleya ndi kukweza thumba pa lole. Chipangizo chimenechi ndi phewa la mlimi. Feteleza akatha timakagula wina, mpini ukathyoka timasema wina, koma phewa likafa palibe sitolo ya zipangizo zaulimi imene imagulitsa lina.

Kuno ku Tsangano, monganso ku Lizulu ndi madera ena olima mbatatesi ndi kabichi m'mapiri a Ntcheu, simungasowe bambo kapena mayi wodandaula ululu wa kuseri kwa phewa. Ena amati pamawotcha ngati paikidwa khala la moto pakati pa fupa la phewa ndi msana. Ena amati pamalasa mkatikati, malo osalozeka ndi chala. Usiku sagonera mbali imeneyo, ndipo m'mawa mkono umakana kukwera ngakhale pofuna kuvala malaya. Timangoti ndi nyamakazi, n'kumeza mapiritsi awiri, ulendo wa kudimba.

Alimi anzanga, maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri ululu umenewu ndi kuvulala kochokera ku ntchito yathu. Uli ndi chithandizo chodziwika, ndipo chithandizo chake chenicheni si mapiritsi a pagolosale kapena jakisoni wobayitsa kuseri kwa nyumba, koma mafizo. Ife monga bungwe la alimi tili ndi ufulu komanso udindo wolankhulapo pankhaniyi, monga momwe timalankhulira za feteleza wotsika mtengo.

Chimachitika n'chiyani mkati mwa phewa?

Tikapha mbuzi timaliona fupa lophwatalala la pamwamba pa mwendo wakutsogolo, lija limaoneka ngati kakhasu. Munthu nayenso ali nalo kuseri kwa phewa lililonse. Fupali silinamatiridwe ku nthiti. Limangoyendayenda pamwamba pake, ndipo chomwe chimaligwira ndi minofu. Minofuyo imalamulidwa ndi mitsempha yochokera m'khosi. Pano tisasokoneze: pali mitsempha yoyendamo magazi, ndiye pali mitsempha ya uthenga, yomwe ili ngati waya wa magetsi. Ya uthengayi ndi imene imauza mnofu kuti ukoke, ndipo ndi yomwenso imauza ubongo kuti pakupweteka.

Mtsempha umodzi, umene madokotala amautcha suprascapular, umachoka m'khosi n'kudutsa pa kampata kopapatiza pamwamba pa fupa la phewa, pansi pa kachingwe kolimba. Umapereka mphamvu ku minofu iwiri yothandiza kukweza mkono ndi kuutembenuzira kunja, komanso ndiwo umanyamula gawo lalikulu la ululu wa pamfundo ya phewa. Mkono ukamakoka ndi kutambasuka mobwerezabwereza, kapena katundu wolemera akamakanikizira phewa pansi, mtsemphawu umapereseka pakampatapo monga chimachitira chingwe pakamwa pa chitsime. Madokotala awiri a ku America, Kopell ndi Thompson, analongosola vutoli m'chaka cha 1959. Likakhalitsa, mnofu wa pafupa la phewa umafota, moti munthu akavula malaya mumaona mbali imodzi yalowa mkati.

Mtsempha wachiwiri, wotchedwa dorsal scapular, umaboola mnofu wa m'mbali mwa khosi n'kutsikira m'mphepete mwa fupa la phewa, mbali yoyang'ana msana. Minofu ya m'khosi ikakungika chifukwa chosenza katundu, imaufinya, ndipo m'pamene pamabwera khala la moto lija. Wachitatu, wotchedwa long thoracic, ukafooka fupa la phewa limatukuka ngati phiko la nkhuku munthu akamakankha khoma.

Sikuti aliyense womva phewa ali ndi mtsempha wopanikizika. Ambiri vuto limakhala minofu yotopa, kung'ambika kwa timinofu ta pamfundo, kapena mafupa a m'khosi. Wosiyanitsa zimenezi ndi wachipatala. Koma gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi, ndipo poyambira kuchiza m'pamodzi.

Ng'ombe timaimvera chisoni, nanga ife?

Kale ku Ulaya ndi ku America, pamene ankalimira akavalo, alimi ankadziwa matenda omwe ankawatcha sweeney. Kavalo wovekedwa chokokera chosamukwana bwino ankafota phewa, chifukwa chokokeracho chimakanikiza mtsempha womwewu wa suprascapular. Asilikali nawonso amadziwa kufooka kwa mkono kobwera ndi malamba a chikwama cholemera cha kumsana.

Ife a ku Ntcheu sitisowa kuphunzitsidwa zimenezi. Goli likayamba kunyula khosi la ng'ombe, mwini ngolo amaimasula, n'kusema golilo kuti lisalale, n'kuipumitsa masiku angapo. Amadziwa kuti ng'ombe yolumala ndi chuma chotayika. Koma mlimi yemweyo mawa lake abereka sipuleya ya malamba opyapyala ngati chingwe cha nsapato, phewa likulira, iye osalabadira.

Tawerengani nane. Sipuleya ya malita 16 ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 16. Kuphatikiza tanki ndi mpope wake, mtolo wonse umayandikira makilogalamu 20. Nyengo ya dzinja, chiwawu chikavuta, mlimi wa mbatatesi amapopera pafupifupi sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse. Wopopera matanki khumi patsiku wabereka makilogalamu oyandikira 200, pamtunda wotsetsereka, dzanja lina likupopa, lina litatambasuka kugwira ndodo yopoperera. Chilimwe chikafika sipuleya imapuma, makheni othirira kudimba amayamba. Pokolola pamabwera matumba.

Amayi ndiye ali pamoto weniweni. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, ndipo chisanafike pankhata chimakwezedwa ndi mapewa. Onjezani mtolo wa nkhuni wotsika nawo m'phiri, munsi, khasu, ndi mwana kumbuyo. Mayi woteroyo akadandaula, timamuyankha kuti ndi ukulu. Si ukulu ayi. Pali amayi a zaka 30 omwe sangathe kumanga duku osalira ndi ululu.

Mapiritsi amatseka pakamwa, sachiza

Chomwe ambiri timathamangira ndi mankhwala opha ululu: Brufen, Indocid, diclofenac. Mankhwalawa ali ndi ntchito yake akamwedwa kwa masiku ochepa molangizidwa ndi achipatala. Koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi, kawirikawiri m'mimba mulibe kanthu, kumayambitsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso, ndipo kumakweza BP. Amayi oyembekezera ndiye sayenera kumwa mankhwala amenewa popanda chilolezo cha achipatala. Choopsa china n'chakuti piritsi limatseka pakamwa pa phewa kuti lisadandaule, pamene mtsempha ukupitiriza kupereseka. Munthu amamva ngati wachira, n'kukweza matumba ena khumi.

Ena timapita kukatemera mphini. Sindinyoza makolo athu, koma lumo silifika pomwe pali mtsempha, ndipo lumo limodzi likatema anthu angapo limagawa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Enanso timapereka ndalama kwa anthu oyenda ndi masingano m'chikwama pamasiku a msika. Za amenewa ndinenapo pansipa.

Mafizo ndiwo mankhwala enieni

M'mayiko onse, chithandizo choyambirira cha mtsempha wopanikizika wa paphewa ndi kuchepetsa ntchito yomwe ikuupweteka ndi kuchita masewera apadera olimbitsa minofu yogwira fupa la phewa. Opaleshoni imabwera pambuyo, mafizo akalephera kwa miyezi ingapo, kapena ngati apeza chotupa chomwe chikukanikiza mtsempha, kapena mnofu ukufota msanga.

Ndikudziwa chomwe ena anene: "Ine ndimalima kuyambira m'bandakucha, masewera ena a chiyaninso?" Funsoli ndi lomveka. Yankho lake n'lakuti ntchito ya kumunda imagwiritsa minofu yomweyomweyo, mbali yomweyomweyo, tsiku ndi tsiku. Khasu, kheni ndi thumba zonse zimakokera mapewa kutsogolo ndi pansi. Minofu ya pachifuwa imafupika n'kukungika, pamene ya kumbuyo, yomwe imayenera kugwira fupa la phewa pamalo pake, imatamuka n'kufooka. Zili ngati ngolo yokokedwa ndi ng'ombe imodzi yamphamvu ndi ina yowonda: imayenda chokhota mpaka goli kuthyoka. Mafizo ndi kudyetsa ng'ombe yowondayo.

Masewera omwe a mafizo amaphunzitsa safuna makina. Koyamba, mutaima kapena kukhala mowongoka, kokerani mafupa onse awiri a mapewa kumbuyo ndi pansi ngati mukufuna kuti akumane, gwirani powerenga mpaka 5, n'kumasula, chitani kakhumi. Kachiwiri, bwezani chibwano m'mbuyo osaweramitsa mutu, kuti khosi liwongoke. Kachitatu, pendeketsani mutu pang'onopang'ono, khutu kulunjika phewa, kuti mnofu wa m'mbali mwa khosi utambasuke. Kachinayi, imani pakhomo, manja atagwira mafelemu a chitseko, n'kusendeza chifuwa kutsogolo. Kachisanu, dulani lamba wa mphira ku chubu chakutha cha njinga, mangirirani pamtengo, n'kumakoka zigongono zikupita kumbuyo. Ndi mphira womwewo, chigongono chitakhudza nthiti, tembenuzirani dzanja kunja. Pomaliza, kankhani khoma ndi manja onse awiri mpaka mafupa a mapewa atatalikirana.

Malamulo ake ndi atatu. Yambani mwaonana ndi wachipatala, kuti akuuzeni masewera okuyenerani ndi ofunika kuwapewa. Musakakamize: kukoka pang'ono n'kololedwa, koma ululu wolasa kapena dzanzi lotsikira m'mkono zikutanthauza kuti musiye. Ndipo musatope. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 12 mukuchita tsiku ndi tsiku. Mtsempha wovulala umaphuka pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ife amene timadikira miyezi itatu kapena inayi kuti mbatatesi ikhwime sitingalephere kudikira phewa lathu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Jakisoni wa dzanzi ali ndi malo ake

Pali anthu ena omwe ululu umakula moti sangathe n'komwe kuyamba mafizo. Kwa amenewa pali njira yobaya mankhwala a dzanzi pafupi ndi mtsempha womwe ukupwetekawo. Njirayi si yatsopano: madokotala Wertheim ndi Rovenstine anailemba m'chaka cha 1941. Mankhwala ake ndi monga lignocaine, yemwe achipatala amabaya posoka bala kapena pozula dzino, ndi bupivacaine, yemwe amakhalitsa. Nthawi zina amasakanizako mankhwala ochepetsa kutupa a mtundu wa steroid. Masiku ano, komwe kuli makina a sikani, dokotala amaona mtsempha ndi nsonga ya singano pa kanema pamene akubaya.

Jakisoniyu amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kutsimikiza matenda: ululu ukazimiririka atangobaya pa mtsemphawo, ndiye kuti wolakwa wapezeka. Yachiwiri ndi kupereka mpata. Dzanzi lenilenilo limatha patapita maola, koma mpumulo wa ululu umatha kukhala masabata angapo, ndipo masabata amenewo ndi oti munthu achite mafizo mwakhama. Wobayitsa n'kubwerera kukakweza matumba wataya mpata wake pachabe. Jakisoni amangotsegula chitseko. Wolowa m'nyumba ndi mwini phewa.

Ndikunena motsindika kuti jakisoni ameneyu ndi wa m'chipatala basi. Pansi pa fupa la phewa pali nthiti, ndipo pansi pa nthiti pali phapo. Singano ikapitirira imaboola phapo, munthu n'kuyamba kubanika. Mankhwala a dzanzi akalowa mumtsempha wa magazi amatha kukomola munthu kapena kuimitsa mtima. Kwa odwala shuga, steroid amakweza shuga kwa masiku angapo. M'manja mwa wophunzira ntchitoyi ngozi zimenezi sizichitikachitika, ndipo zikachitika amadziwa chochita. M'manja mwa woyenda ndi chikwama pamsika, ndi imfa. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019, ndi Medical Council of Malawi ndi omwe amapereka zilolezo pa za mankhwala ndi za udokotala. Wofuna kukubayani asakwiye mukamufunsa chiphaso.

Ululu wina si wa phewa

Pali zizindikiro zomwe sizifuna mafizo kapena kudikira, koma kuthamangira kuchipatala. Ululu wa phewa wobwera ndi kufinya pachifuwa, thukuta ndi kubanika ukhoza kukhala wa mtima. Wobwera ndi chifuwa chosatha, kuwonda ndi kutuluka thukuta usiku ukhoza kukhala TB, yomwe imagwiranso mafupa a msana. Wa kuseri kwa phewa lamanja wobwera mutadya zamafuta ukhoza kuchokera ku ndulu. Kuwotcha kwa mbali imodzi kotsatana ndi matuza ndi mashingozi. Mayi amene wadumphitsa kusamba, n'kumva m'mimba kupweteka pamodzi ndi nsonga ya phewa, atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mimba ikhoza kukhala kunja kwa chiberekero. Chimodzimodzi munthu amene mkono wafooka mwadzidzidzi, kapena amene wagwa pa njinga kapena pa ngolo. Safunsa anadya phula.

Chithandizo chilipo, koma chimathera m'tauni

Dziko lathu silikuyambira pa ziro. Bungwe la MAP linayamba m'chaka cha 1979 polimbana ndi poliyo, ndipo ku Blantyre kuli malo a Kachere Rehabilitation Centre. Kuyambira m'chaka cha 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesa a mafupa, omwe amagwira ntchito m'zipatala za maboma. Sukulu ya College of Medicine inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo m'chaka cha 2010, ndipo kuyambira 2021 sukuluyi ili mu Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala za maboma mulinso makiliniko ofesa ogonetsa odwala pa opaleshoni, omwe mankhwala a dzanzi ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Ku Lilongwe, pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central, kuli chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION.

Vuto ndi mtunda. Mafizo si jakisoni wa katemera woti wabaya kamodzi basi. Amafuna kuonana ndi wodwala kangapo. Mlimi wa m'malire mwa Mozambique kuti akafike ku Ntcheu boma ayenera kutsika phiri mpaka pa Tsangano Turn-off, n'kukweranso ina pamsewu wa M1. Ndalama ya ulendo umodzi ndi yogulira botolo la mankhwala a chiwawu, ndipo tsiku lonse la ntchito lapita. Msewu wa Tsangano kupita ku Neno ndi Mwanza tinaulira kwa zaka zambiri ponena za mbatatesi yowolera panjira. Msewu womwewo ndi umene umatsekereza wodwala. Mapeto ake munthu amapita kamodzi, kachiwiri osabwereranso.

Ena adzati boma lili ndi malungo, Edzi, kolera ndi uchembere. Phewa silipha munthu. Zoona, silipha. Koma limapha munda. Bambo akalephera kupopera sabata ziwiri mvula ili pakati, chiwawu chimatha munda wonse, ndipo ngongole ya feteleza imatsala pomwepo. Mayi akalephera kusenza, amene amajomba kusukulu kukatunga madzi ndi mwana wamkazi. Banja lomwe limalemba waganyu pa ntchito yomwe likanagwira lokha ladya phindu lisanakolole. Ndipo chomwe tikupempha si chodula: mphira wa njinga, khoma la nyumba, ndi munthu mmodzi wodziwa kuphunzitsa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030 m'chaka cha 2017. Kafukufuku wofalitsidwa mu magazini ya The Lancet m'chaka cha 2020 anapeza kuti anthu 2.4 biliyoni padziko lapansi, kapena kuti mmodzi mwa atatu alionse, ali ndi vuto lofuna chithandizo cha mtundu umenewu, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mafupa, minofu ndi msana. M'mwezi wa May 2023 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti chithandizochi chizipezeka kuyambira kuzipatala zazing'ono. Malawi ndi membala wa WHO. Tikungopempha kuti zomwe zinagwirizanidwa ku Geneva zikwere phiri zifike ku Tsangano.

Thumba losokerera likutibera kawiri

Kuchiza kokha sikukwanira ngati gwero la vuto silinagwiridwe, ndipo gwero lina lalikulu ndi thumba. Tonse timalidziwa thumba lomwe ogula ena amabwera nalo, losokerera chidutswa china pamwamba kuti lilowe mbatatesi yochuluka, mtengo n'kukhala wa thumba limodzi. Takhala tikulidandaula chifukwa limatibera mbewu. Lero ndikuwonjeza kuti limatiberanso mapewa. Amene amalinyamula kuchoka m'munda wotsetsereka kufika pamsewu, n'kulikweza pa lole, ndi ifeyo, ana athu ndi anyamata aganyu.

Bungwe la apantchito padziko lonse la ILO linalangiza kale m'chaka cha 1967 kuti katundu wonyamula mwamuna mmodzi asapose makilogalamu 55, ndipo wa amayi ndi achinyamata akhale wocheperapo kwambiri. M'chaka cha 2019 dziko la Malawi linavomereza pangano la ILO nambala 184 lokhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito zaulimi, lomwe limati wantchito asanyamulitsidwe katundu woika moyo wake pachiswe. Chaka chomwecho dziko la Kenya linakhazikitsa malamulo oti mbatatesi izipakiridwa m'matumba osaposa makilogalamu 50. Kumeneko nkhondo yake sinali yophweka, chifukwa ogula ankathamangira kumadera komwe lamulo silinkatsatidwa. Phunziro lake n'lakuti kalabu imodzi singathe. Tsangano akakana thumba losokerera koma Lizulu ndi Bembeke n'kulola, kapena anzathu a tsidya lino la malire n'kulola, lole ingodutsa. Mutu umodzi susenza denga.

Tidziyang'anenso tokha. Ambiri mwa ife timalemba aganyu nthawi yokumba. Mnyamata amene timamulipira pa thumba amanyamula mopitirira mphamvu zake kuti apeze yochuluka. Sitingapemphe boma kuti liteteze mapewa athu pamene ife tikuthyola a ana a anzathu.

Zomwe tikupempha, ndi zomwe tingachite tokha

Ku Unduna wa Zaumoyo ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Ntcheu, tikupempha kuti wa mafizo aziyendera zipatala zazing'ono za kuno kumapiri pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, monga zimakhalira ndi sikelo ya ana. Alangizi a zaumoyo a m'midzi aphunzitsidwe masewera oyambirira ndi zizindikiro zoopsa, kuti wodwala akhale ndi womuyang'anira pafupi. Kwa ochepa ofunika jakisoni wa dzanzi kapena opaleshoni, pakhale njira yomveka yowatumizira, kuti munthu asamayende maulendo atatu asanaonane ndi woyenera.

Ku khonsolo ya Ntcheu, makhansala ndi aphungu athu, tikupempha lamulo la m'misika loti mbatatesi izigulidwa pa sikelo yovomerezedwa ndi Malawi Bureau of Standards, m'matumba osaposa makilogalamu 50, ndipo akambirane ndi anzawo a ku Dedza ndi Neno kuti lamuloli likhale limodzi. Mafumu athu atithandize kuthamangitsa obaya anthu popanda chiphaso.

Kwa alangizi a zaulimi, pophunzitsa kapoperedwe musamathere pa muyeso wa mankhwala ndi zovala zodzitetezera. Phunzitsaninso kaberekedwe ka sipuleya.

Ndipo ife eni ake tisadikire. Malamba a sipuleya tiwakulunge ndi nsalu kapena siponji kuti akhale otambalala, tiwamange onse awiri mofanana, ndipo tankiyo ikhale pamwamba, yogundana ndi msana. Pamalo otsetsereka kwambiri tisadzazitse. Tanki yodzaza tiziiika pa chitsa kapena pa mgolo tisanaibereke, osati kuinyamula kuchokera pansi ndi dzanja limodzi. Thumba lizikwezedwa ndi anthu awiri, ndipo chidebe cholemera tizitwikana. Tizisinthana ntchito m'banja, kuti wopopera lero asakhale yemweyo mawa. Kalabu iliyonse ikhoza kugula wilibala imodzi kapena ziwiri kuchokera ku banki m'khonde kapena ku ndalama za gulu, n'kumabwerekana. Ndipo pamsonkhano uliwonse, tisanayambe zokambirana, mphindi zisanu zokha tichitire pamodzi masewera aja. Poyamba anthu adzaseka. Adzasiya kuseka akadzaona amene ankagona chokhala akugona tulo.

Pomaliza, ndikupempha alembi a makalabu onse kuti pamsonkhano ukubwerawu afunse mamembala: ndi angati amene phewa, khosi kapena msana unawalepheretsa kugwira ntchito chaka chino, ndipo anataya masiku angati? Chiwerengerocho chilembedwe, chipite ku komiti ya dera, kenako ku ofesi ya bungwe. Akuluakulu a boma samva madandaulo opanda manambala, ndipo palibe amene adzatiwerengere ngati sitidziwerengera tokha. Mwana wosalira amafera pambereko.

Timanena kuti ulimi ndi bizinesi. Wabizinesi wanzeru amasamala chipangizo chomwe sangagule china.